Volovolo yakale kapena yatsopano: yowombera ndi iti, yosunga ndi iti?

Funso: Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo chaka chatha anzanga a kuntchito anandilowetsa m'kalabu yowombera chandamale. Tsopano ndikufuna kugula volovolo yangayanga, ndipo mtima wanga wagwa pa Smith & Wesson Model 19. M'sitolo ina muli ziwiri. Imodzi ndi 19-3 ya m'zaka za m'ma 1970, yonyezimira ngati sinawombedwepo, ili ndi bokosi lake ndi mapepala ake. Inayo ndi yatsopano, Model 19 Classic. Yakaleyo ndiyo ikudulirapo. Anzanga akuti zakale ndiye zenizeni, zamakono n'zosalimba. Ine ndikufuna mfuti yowombera Loweruka lililonse, komanso yoti idzakhale ndi mtengo ndikadzasiyira mwana wanga. Nditenge iti?

Yankho: Achimwene, mwasankha mfuti yabwino, koma mwaipatsa ntchito ziwiri zosayenderana. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mfuti yowombera Loweruka lililonse imaperepeseka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mfuti yosungira mtengo imakhala ndi mtengowo chifukwa choti sinaperepeseke. Ngati ndalama ikukwanira imodzi yokha ndipo chimene chakukopani ndi kuwombera, 19-3 ya m'bokosiyo isiyeni. Tengani yatsopanoyo, kapena funani yakale ina imene inatumikira kale, yoti kukalika kwina sikungaichotsere kanthu. Ndifotokoze chifukwa chake, chifukwa anzanuwo sakunama kotheratu, koma akusakaniza zinthu zosiyana.

Tiyambe ndi mmene Model 19 inabadwira, pakuti ubwino wake ndi chofooka chake zinachokera pamodzi. Chipolopolo cha .357 Magnum chinatuluka mu 1935, ndipo Smith & Wesson anachipangira mfuti yaikulu, ya fulemu (thupi lachitsulo la mfuti) imene amaitcha N. Inali yolimba koma yolemera, ndipo wapolisi woyenda nayo m'chiuno tsiku lonse ankaimva. M'zaka za m'ma 1950, Bill Jordan, yemwe ankagwira ntchito yolondera malire a America, anauza akuluakulu a kampaniyo kuti apolisi akufuna mfuti ya fulemu yapakatikati, ya K, yomwe kale inkanyamula chipolopolo cha .38 Special, koma yotha kuwomba .357 Magnum. Mu 1955 inatuluka pa dzina la Combat Magnum, ndipo pamene kampani inayamba kupereka manambala ku mfuti zake mu 1957, iyi inakhala Model 19. Ya mpope wa mainchi 4 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, imakhala bwino m'dzanja, ndipo mpaka lero anthu ambiri amati palibe volovolo ina yolingana bwino ngati iyo. Inenso ndili m'gulu limenelo.

Koma taonani kusiyana kwa zipolopolo ziwirizi. Mphamvu ya mpweya wotentha imene .38 Special yawamba imaloledwa kufika ndi 17,000 psi (psi ndi muyeso wa kukankha kwa mpweya). Ya .357 Magnum ndi 35,000 psi, kuposa kawiri. Fulemu ya K inakonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 poganizira .38, ndiye kuika Magnum m'menemo kunali kuisenzetsa katundu wofika pamapeto a mphamvu zake. Masiku amenewo sizinavute, chifukwa apolisi ankaphunzirira ndi .38 n'kumaika Magnum popita kuntchito basi, ndipo zipolopolo za Magnum zofala zinali zolemera magreni 158 (greni ndi muyeso waung'ono woyezera kulemera kwa zipolopolo).

Vuto lili pamalo amodzi aang'ono. Mukatsegula silinda, chitsulo chozungulira chokhala ndi mabowo a zipolopolo, n'kuyang'ana kumbuyo kwa mpope, pamene chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda, muona kukamwa kotambasuka pang'ono. Amisiri amapatcha forcing cone. Pa Model 19 yakale, kunsi kwa kukamwa kumeneku anakusema kuti kukhale kwafulati, kuti silinda ndi mkono woinyamula zizipeza malo potseka. Pamenepo chitsulo n'chopyapyala kuposa mbali zina zonse. M'zaka za m'ma 1970 zipolopolo zopepuka za magreni 125, zothamanga kwambiri, zinatchuka, ndipo apolisi ambiri anayamba kuphunzirira ndi zomwezo zimene ankayenda nazo. Chipolopolo chopepuka n'chachifupi, chimanyamula wonga wambiri, ndipo moto wake umamenya kukamwa kwa mpope mwaukali. Mfuti zina zinayamba kung'aluka pafulati paja. Si zonse, zilipo zambiri zomwe zawomba Magnum kwa zaka osaona vuto. Koma zinachitika mokwanira moti Smith & Wesson anatulutsa fulemu yokulirapo ya L kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, yomwe ndi Model 586 ndi 686, kuti ithane ndi nkhani imeneyi.

Apa ndi pamene pagona yankho langa lonse. Funso loyenera kudzifunsa pogula mfuti yowombera si lakuti yokongola ndi iti ayi, koma lakuti tsiku limene idzawonongeke ndidzatani. Mpope wa 19-3 ukang'aluka, kufakitale kulibe wina woti aikepo. Anasiya kupanga kalekale. Mudzasakasaka wochotsedwa pa mfuti ina yakale, womwenso uli ndi fulati yomweyo ndi zaka zomwezo, kenako mudzafune mmisiri wodziwa kuumanga, ndipo amisiri odziwa volovolo zakale akuchepa chaka ndi chaka. Mukaupezanso, mfutiyo siikhalanso yoyambirira, ndiye mtengo umene munalipirira uja wapita. Yatsopano ikavuta mumaitumiza ku kampani, masipeya alipo, ndipo Smith & Wesson amalonjeza kukonzera mwini wake woyamba zolakwika za kufakitale moyo wake wonse.

Model 19 yakale anasiya kuipanga mu 1999. Imene inabwerera mu 2018, yolembedwa 19-9, ikufanana ndi yakale m'maonekedwe koma m'kati ndi ina. Mpope wake ndi wa mainchi 4.25 ndipo uli pawiri: paipi yam'kati yodutsa chipolopolo ndi chikuto chakunja. Anasintha mmene silinda imatsekera kutsogolo, n'kuika kampira kachitsulo kogwira mkono wa silinda, ndipo zimenezi zinapereka malo oti kukamwa kwa mpope kukhale kozungulira konse, kopanda fulati. Chofooka chimene chinavutitsa yakale kwa zaka 40 anachichotsa. Munthu amene akuti yatsopano n'njosalimba kuposa yakale, pa nkhani ya kupirira Magnum, walakwitsa.

Nanga anthu amalipiriranji zambiri pa yakale? Nambala imene ili pambuyo pa kamzere, monga 3 pa 19-3, imasonyeza kusintha kumene kampani inachita pa kapangidwe. Mukatsegula silinda muiona itadindidwa pa fulemu, pamalo obisika ndi mkono wa silinda. Ya 19-3 inayamba mu 1967, 19-4 mu 1977, ndipo 19-5 mu 1982. Chaka cha 1982 ndicho malire aakulu kwa osonkhanitsa mfuti. Chisanafike, mpope unkamangidwa ndi mazinga kenako n'kukhomeredwa kapini kopingasa pamwamba pa fulemu, ndipo mabowo a silinda ankakumbidwa pang'ono kumbuyo kuti mkombero wa khoko la chipolopolo uzimira m'kati. Mudzamva akunena kuti mfuti ndi pinned and recessed; akutanthauza zinthu ziwiri zimenezi. Kuyambira 19-5 zonse ziwiri anazichotsa kuti achepetse ntchito ndi ndalama.

Ndinene mosabisa: kapini ndi mabowo okumbidwawo sizithandiza mfuti kulasa chandamale ngakhale pang'ono. Mabowo okumbidwa anali ndi ntchito kale pamene makoko a zipolopolo anali ofooka kumbuyo, koma makoko amakono safuna zimenezo, ndipo m'mikombero imeneyo mumadzaza litsiro lofunika kutsuka. Wosonkhanitsa amazikonda chifukwa ndi chizindikiro cha nthawi imene kampani inkalola mmisiri kuthera maola pa mfuti imodzi. Chikondi chimenecho n'chomveka, inenso ndili nacho. Koma ndi chikondi cha mbiri, osati cha kuwombera.

Chimene chimaposadi pa yakale ndi khungu lake. Mtundu wakuda wobiriwira umene amautcha bluing si penti ayi. Ndi dzimbiri lakuda lopangidwa dala pamwamba pa chitsulo, ndipo kukongola kwake kumadalira mmene chitsulocho anachipukutira asanachidetse. Kale ntchito yopukuta inkachitidwa ndi manja a anthu omwe anaiphunzira kwa zaka. Muike 19-3 yosamalidwa bwino pambali pa yatsopano padzuwa, muona nokha kuti yakaleyo ikuoneka ngati madzi akuya. Onjezani zogwirira za mtengo wa goncalo alves, hamala (kachitsulo komenya chipolopolo) ndi kachitsulo kowombera zokhala ndi mawanga a utoto ochokera ku kuwotcha kolimbitsa chitsulo, ndiye mumvetsa chifukwa chake anzanu akulankhula motero. Koma khungu limenelo n'lopyapyala kwambiri. Silinda ikamazungulira, kachitsulo koigwira kamajambula mzere mozungulira. Chikwama chachikopa chimadya kumphuno kwa mpope ndi m'mbali mwa silinda. Moto umasiya mikombero yakuda kumaso kwa silinda. Thukuta la m'manja limasiya zidindo. Pa mfuti yowombera zonsezi si kanthu. Pa mfuti ya m'bokosi, chilichonse mwa izi chikudya ndalama yanu, ndipo sichibwezeka. Mukati muikonzetse khungu kuti iwalenso, ndiye mwaiphera mtengo kotheratu, chifukwa wosonkhanitsa amalolera mfuti yokalika yokhala ndi khungu lake loyamba kusiyana ndi yonyezimira yopakidwanso.

Pali chinanso choti mudziwe musanaike chiyembekezo cha mwana wanu pa 19-3. Mfuti imeneyi si yosowa. Inapangidwa yambirimbiri kwa zaka 10, ndipo apolisi a m'mizinda yochuluka ankayenda nayo. Chimene chikusowa ndi 19-3 yomwe ikadali ngati yatsopano, yokhala ndi bokosi lolembedwa nambala yofanana ndi ya pa mfuti, mapepala, tizipangizo totsukira, ndi zogwirira zake zoyamba. Mtengo wowonjezera umene akukuuzaniwo ndi wa zimenezi. Zosowa zenizeni ndi zina: Combat Magnum zoyambirira za 1955 mpaka 1957 zomwe zilibe nambala ya Model, za mpope wa mainchi 3 zomwe zinapangidwa zochepa, kapena zomwe zili ndi umboni woti zinatumizidwa ku gulu linalake lodziwika. Umboni wotere umapezeka. Bungwe la Smith & Wesson Historical Foundation limalemba kalata, mukalipira, yofotokoza tsiku limene mfuti inachoka kufakitale, kumene inapita, ndi mmene inalili. A Colt, kampani ina yopanga mfuti, nawonso ali ndi ofesi yochita chimodzimodzi. Nkhani ya wogulitsa yakuti mfutiyi inali ya mkulu wa apolisi wakutiwakuti, popanda pepala, musailipirire.

Tsopano madandaulo a anzanu pa zatsopano. Ndi awiri akuluakulu. Loyamba ndi tizitsulo tam'kati. Kale hamala ndi kachitsulo kowombera ankazisula, n'kuzisema, kenako mmisiri n'kuzipala ndi tupa mpaka zitagwirizana ndi mfuti imeneyo yokha. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba njira yotchedwa MIM, yoti ufa wachitsulo amauumba m'chikombole n'kuuwotcha mpaka ulimbe. Tizitsulo totere sitikongola, koma timatuluka tofanana ndendende, ndipo tatumikira zaka zoposa 25 tsopano m'manja mwa anthu opikisana omwe amawomba zipolopolo zambiri pa mwezi kuposa zimene inu ndi ine tingawombe pa chaka. Ubwino wake kwa wowombera ndi woti kena kakathyoka, katsopano kamalowa popanda ntchito yambiri yopala. Kupala ndi manja kumene timatama pa zakale ndiko komwenso kumachititsa kuti kuzikonza kukhale kodula.

Lachiwiri ndi loko. Mu 2001 kampani ya Saf-T-Hammer, yopanga maloko a mfuti, inagula Smith & Wesson kuchokera kwa Tomkins ya ku Britain, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mavolovolo ambiri anayamba kutuluka ndi kabowo ka kiyi kumanzere, pamwamba pa kachitsulo kotsegulira silinda. Anthu amadana nako pa zifukwa za ndale komanso za maonekedwe, ndipo pali malipoti oti lokoyo inadzitseka yokha powombera, makamaka pa mfuti zopepuka kwambiri zowomba zipolopolo zamphamvu. Pa mfuti yachitsulo yolemera ngati Model 19, yowombera chandamale, ine sindingade nayo nkhawa. Koma ngati kabowoko kakukunyansani, dziwani kuti mu 2025 kampani inatulutsa Model 19 Classic yopanda loko, pamodzi ndi Model 10 ndi Model 36. Funsani wa sitoloyo kuti yomwe ali nayo ndi iti.

Ndiwonjezepo mawu amodzi amene okonda zakale sakonda kumva. Si mfuti zonse za m'ma 1970 zinatuluka zabwino. Nthawi imeneyo kampani inali m'manja mwa Bangor Punta, kuyambira 1965 mpaka 1984, oda za apolisi zinali zambiri, ndipo mfuti zina zinkatuluka mothamangitsa. Zimene timaziona lero zili bwino ndi zomwe zinapulumuka kapena zinakonzedwa kale. Zatsopanonso zimatuluka zina zili ndi mpope wopendekeka pang'ono kapena mpata wosalingana. Ndiye kaya yakale kaya yatsopano, yang'anani mfuti imene ili m'manja mwanuyo, osati chaka chake chokha.

Mukapitirira pa Model 19 n'kuyamba kukopeka ndi zakale kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti matenda amenewa amagwira, pamenepo nkhani imasanduka ya chitetezo. Smith & Wesson amanena okha kuti zipolopolo za .38 Special zamphamvu, zolembedwa +P, zisalowe mu mfuti za fulemu ya K zopangidwa 1958 isanafike, ndipo njira yozizindikirira ndi yoti zilibe nambala ya Model pa fulemu. Kachitsulo kodalirika kotchinga hamala kuti mfuti isalire ikagwa kanabwera chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, msilikali wa pamadzi wa ku America atafa volovolo itagwera pa sitima n'kulira yokha. Colt Single Action Army ya 1873, ija ya m'mafilimu a makaubo, ndi Ruger Blackhawk zopangidwa 1973 isanafike, zimanyamulidwa ndi zipolopolo zisanu m'mabowo asanu ndi limodzi, bowo la pansi pa hamala lili lopanda kanthu, chifukwa hamala ikagundidwa imatha kuphulitsa chipolopolo. Ruger anakonza zimenezi mu 1973 ndipo amasintha zakalezo kwaulere, n'kukubwezerani tizitsulo toyamba kuti musunge. Colt zoyambirira za m'ma 1800 zinapangidwira wonga wakuda, wofanana ndi uja wa mfuti za gogodela zimene agogo athu ankasakira nyama, ndipo wonga wamakono umatha kuziphulitsa.

Imodzi imene imatikhudza ife ndi Webley, volovolo yothyoka pakati ya asilikali a Britain, yomwe akuluakulu a asilikali ankayenda nayo m'maiko onse olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo kwathu m'masiku a King's African Rifles. Mukadzaiona ku America mtima udzagunda, ndipo n'zomveka. Koma samalani. Webley Mark VI ya 1915 inapangidwira chipolopolo cha .455, chofatsa. Zambiri zitafika ku America, ogulitsa anazisenga kumbuyo kwa silinda kuti zizilandira .45 ACP, chipolopolo chopezeka mosavuta koma champhamvu kuposa zimene mfutiyo inapangidwira. Webley yosengedwa yataya mtengo kwa wosonkhanitsa, ndipo ndi yoopsa kwa wowombera akaikamo zipolopolo za m'sitolo. Zomwezonso zinachitikira mavolovolo a Smith & Wesson a nthawi ya nkhondo omwe anapangidwira Britain pa chipolopolo cha .38 S&W: ena anawaboola kuti alandire .38 Special, chomwe n'chachitali koma chowonda pang'ono, ndiye makoko amatupa kapena kung'ambika m'silinda. Mayinawo akufanana, zipolopolozo n'zosiyana.

Kwa Colt Python nkhani ndi yomweyi ya Model 19, mwina moposa. Nayonso inatuluka mu 1955, inasiya kupangidwa mu 2005, n'kubwerera mu 2020 ili ndi chitsulo chochindikala pamwamba pa fulemu ndi tizitsulo tochepa m'kati. Yakale ndi yokongola zedi ndipo mtengo wake unakwera kwambiri, koma makina ake am'kati ndi osachedwa kusokonekera ndipo owadziwa ndi ochepa. Amene ali nazo zonse ziwiri, yatsopano ndi imene amapita nayo kubwalo.

Tsono njira imene ine ndingatsate ndikanakhala inu ndi iyi. Ngati mukufuna kuwomba Magnum kawirikawiri, tengani Classic yatsopanoyo, kapena yang'ananinso 686 kapena Ruger GP100, zomwe zinapangidwira ntchito imeneyo kuchokera pachiyambi. Ngati mtima wanu uli pa zakale, monga mmene ndikumvera m'funso lanu, funani 19-3, 19-4 kapena 19-5 yomwe inayenda m'chiuno mwa wapolisi, yoyera kumphuno, yopanda bokosi, koma yolimba m'kati. Mfuti za apolisi zambiri zinanyamulidwa kwambiri n'kuwombedwa pang'ono. Yotere imatsika mtengo, imakupatsani kukoka kosalala kuja kumene anzanu akutama, ndipo mukaisamala siitsikanso kwenikweni, chifukwa zimene zikanaitsitsa zinachitika kale. Muziidyetsa .38 Special masiku onse, ndipo mukafuna kumva Magnum, ikani za magreni 158 mwa apo ndi apo, za 125 zisiyeni. Chandamale cha pepala sichisiyanitsa, dzanja lanu lidzaphunzira msanga ndi .38, ndipo thumba lanu lidzapuma. Chokhacho, khoko la .38 n'lalifupi ndi mamilimita atatu ndi pang'ono, ndiye limasiya mkombero wa mwaye m'mabowo a silinda. Tsukani bwino musanaikemo Magnum, apo ayi makoko adzakanirira.

Poyang'ana yakale, yambani n'kutsegula silinda ndi kuona ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti mulibe, ndipo pemphani chilolezo musanakoke hamala. Tengani tochi muunike kukamwa kwa mpope, makamaka pafulati paja. Mng'alu umaoneka ngati tsitsi, ndipo umabisala pansi pa mwaye, choncho ngati pali pakuda pemphani apukute. Mukauona, ibwezeni, musanenerere n'komwe mtengo. Pamwamba pake, kunsi kwa denga la fulemu, muona kamzere kodyedwa ndi moto. Kakang'ono si vuto, koma kakuya kakukuuzani kuti mfutiyo inamwa Magnum yambiri. Tsekani silinda, kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse mwa asanu ndi limodzi, ndipo mvetserani: silinda iyenera kugwidwa, kuti "ke", hamala isanafike kumapeto. Ikachedwa pa bowo lina, chipolopolo chimadzakhudza m'mbali mwa mpope n'kumwaza tizidutswa. Hamala ili chikokere, ikankheni pang'ono ndi chala chachikulu. Ikagwa yokha, wina anapalapo molakwika ndipo mfutiyo ndi yoopsa. Gwedezani silinda kutsogolo ndi kumbuyo. Kusuntha kuzikhala kosamveka kwenikweni. Mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, mukayang'ana kowala, uzikhala wofanana m'mbali zonse, wa pakati pa 0.1 ndi 0.2 milimita, ndipo tizitsulo toyezera mipata ta amakaniko a galimoto timagwira ntchito imeneyi. Pomaliza onani mitu ya masikuluwu a pambali. Ikakhala yophwanyika, munalowa munthu wosadziwa. Zilembo zikakhala zofufutika, ngodya zitasalala, ndiye kuti khungu linapakidwanso, ndipo musalipire mtengo wa yoyambirira. Zinandichitikirapo ndili wachinyamata: ndinagula volovolo yowala kwambiri kwa wogulitsa wina, ndipo ndinadzazindikira kunyumba kuti chidindo cha kampani chinali chitatsala theka chifukwa cha kupukuta. Inkawombera bwino ndithu, koma ndinailipira ngati ya m'bokosi.

Ngati ndalama ilipo yokwanira ziwiri, 19-3 ya m'bokosiyo ndi yoyenera kugula n'kusungira mwana, bola musaiyembekezere ngati banki. Mitengo ya mfuti zakale imakwera n'kutsika malinga ndi zimene m'badwo ukukonda, ndipo m'badwo umene unakula ukuona apolisi atanyamula volovolo ukukalamba. Muisunge yopakidwa mafuta pang'ono, pamalo ouma, osati m'chikwama chachikopa kapena cha thonje chomwe chimasunga chinyezi. Bokosi lisungeni palokha kuti lisanyowe ndi mafuta, ndipo mukasintha zogwirira, zoyambazo musataye.

Mbali ya malamulo ndiikhudze chifukwa ndinu mlendo m'dzikomo. Lamulo la boma lalikulu la America limalola nzika ndi amene ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) kukhala ndi mfuti, koma munthu wolowa ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, ndi woletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulo, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama yomwe ikugwira ntchito. Kuletsako kumakhudzanso kugwira mfuti ya wina kubwalo, ndiye ngati muli pa viza, konzani zimenezi Loweruka likubwerali lisanafike. Mfuti ikakwana zaka 50 imalowa m'gulu limene lamulo limalitcha curio or relic, ndipo 19-3 zambiri zafika kale pamenepo. Pali laisensi yapadera ya osonkhanitsa yochokera ku ATF, bungwe la boma loyang'anira za mfuti, ya madola 30 pa zaka zitatu, yomwe imapeputsa kugula mfuti za m'gululi kuchokera ku zigawo zina. Ndipo ngati mwana amene mukumusungirayo adzakhale ku Malawi, dziwani kuti mfuti siilongedzedwa m'sutikesi ngati wailesi. Pamafunika chilolezo chotulutsira ku America ndi chilolezo cha apolisi kwathu, zonse zisanachitike, choncho lembani m'wilo mwanu dzina la mfutiyo, nambala yake, ndi munthu wa ku America komweko wololedwa ndi lamulo amene adzaisunge kapena kuigulitsa m'malo mwa mwanayo.